Chimanga cha m'miyala pa Mã Pí Lèng

Mnyamata amene ankandiyendetsa anazimitsa njinga yamoto pamene msewu unatambasuka pang'ono, n'kundigogoda bondo kuti nditsike. Miyendo inali itachita dzanzi. Ndinavula helemeti, n'kusendera pa kampanda ka simenti, ndipo nditasuzumira pansi mtima unangoti myuu. Dziko linali litathera pomwepo. Kutsogolo kunali phompho lokhalokha, ndipo pansi penipeni, kutali moti maboti ankaoneka ngati njere za mpunga, mtsinje wa Nho Quế unali utagona pakati pa makoma awiri amwala, wobiriwira ngati tsamba lanthete la nthochi, uli phee osagwedera.

"Chị ơi," anandiitana, akuloza ndi chibwano. "Mã Pí Lèng."

Mawu akuti chị ali ngati achemwali athu aja. Anthu a ku Vietnam saitanana mwachisawawa. Amayamba adziwa kuti wamkulu ndani, kenako wina amakhala mkulu, wina mng'ono, wina azakhali, wina agogo, ngakhale mwakumana lero lomwe. Tsiku loyamba, tisanakwere n'komwe njinga, anandifunsa zaka zanga, ndipo atamva kuti ndinamusiya ndi zaka 12, ine ndinasanduka chị, iye n'kukhala em, mng'ono wanga. Zimenezi zinandikhazika mtima pansi kuposa helemeti ija, chifukwa munthu amene wakutcha mchemwali wake sakuthamangitsa pa khona.

Ku Vietnam ndinapitira ntchito. Ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo tinali ndi maphunziro a masabata awiri ku Hanoi chakumapeto kwa Meyi. Maphunziro atatha tinatsala ndi masiku anayi ndege isanatinyamule. Anzanga ambiri anasankha kunyanja, ku Hạ Long. Ine ndinakulira m'mapiri a ku Ntcheu, kumene munthu akati ndikupita kumunda ndiye kuti akukwera chitunda, ndipo nditamva kuti kumpoto kwenikweni, kumalire ndi China, kuli anthu amene chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku si mpunga koma chimanga, mtima unaloza komweko.

Kuchokera ku Hanoi kufika mu mzinda wa Hà Giang ndi makilomita pafupifupi 300. Ndinakwera basi ya usiku, ya timabedi m'malo mwa mipando. Pakhomo amakupatsa jumbo kuti uikemo nsapato, ndipo umalowa chosavala kuphazi ngati ukulowa m'nyumba ya apongozi. Tinafika kusanache. M'mawa ndinatenga chiphaso chimene alendo akunja amafunika kukhala nacho poyenda m'dera la kumalire, kenako ndinakumana ndi mng'ono wanga uja, wa mtundu wa Hmong, kwawo chakufupi ndi Mèo Vạc. Ntchito yake ndi ya kabaza basi, kungoti ulendo wake umodzi umatenga masiku atatu, ndipo Chingerezi chake anachitola kwa alendo amene amawanyamula kumbuyo.

Tsiku loyamba ndilidutsa mofulumira, ngakhale linali ndi zake. Tinakwera mpaka pamalo amene amati Chipata cha Kumwamba ku Quản Bạ, pamene umaona chigwa cha minda yampunga ndi timapiri tiwiri tofanana ndendende, timene eni ake amati ndi mawere a mkazi wa kumwamba. Ku Yên Minh tinadutsa m'nkhalango ya paini ndipo fungo lake linandifikitsa ku Dedza mosayembekezera. Koma titangodutsa pamenepo, dothi linayamba kutha. Mapiri anasintha mtundu, anakhala otuwa chakuda, osongoka, ataunjikana mpaka kumene maso alekezera.

Limeneli ndi dera la miyala ya laimu la Đồng Văn, limene mu 2010 linalowa m'gulu la malo a miyala ofunika padziko lonse amene bungwe la United Nations la UNESCO limawazindikira. Kalekale kunali pansi pa nyanja, ndipo m'miyalamo mumapezekabe zotsalira za tizilombo ta m'madzi. Mwala wa laimu uli ndi khalidwe limodzi loipa kwa mlimi: umamwa madzi. Mvula ikagwa, m'malo moyenda pamwamba kuti munthu atunge, imalowa m'ming'alu n'kukasowa m'mapanga apansi. Choncho dera lolandira mvula yambiri limakhala ndi ludzu m'chilimwe. Boma linamanga madamu a simenti m'mbali mwa mapiri kuti azikolola madzi a mvula, ndipo tinadutsa angapo, amayi atazungulira akuchapa.

Chimodzi chokha chimene chinandipweteka tsiku limenelo chinali pa khona za Thẩm Mã. Pamwamba pake pamaima ana, ena osakwana zaka 8, atavala zovala zamakaka za mtundu wawo, madengu a maluwa kumsana, kudikira alendo kuti ajambulitse nawo. Anthu ankatsika m'magalimoto, kuwakumbatira, kujambula, kuwapatsa kandalama kapena maswiti, n'kumapita. Ndinaziona kale zimenezi kunyanja kwathu, mlendo ataloza kamera pamphuno pa mwana osamufunsa ngakhale dzina. Sindikuwada anawo, kapena makolo awo, chifukwa njala sisankha njira. Koma foni yanga sindinaitulutse. Kamtsikana kena kanabwera kudzagwira tsitsi langa loluka, kakuseka, ndipo ndinagwada kuti kalione bwino. Tinasiyana choncho.

Tinagona ku Đồng Văn, ndipo m'mawa mwake tinayamba makilomita 20 opita ku Mèo Vạc. Pakati pa matauni awiriwa ndi pamene pali Mã Pí Lèng. Dzinalo limatanthauza msana wa mphuno ya hatchi, ndipo ukauona mtsetse wake sufunsanso chifukwa. Msewu anachita kuusema m'khoma la phiri. Kudzanja limodzi mwala ukukwera osaona pothera, kudzanja lina kulibe kanthu. Amene munakwerapo msewu wa Gorodi wopita ku Livingstonia, kapena kutsika Khwekhwerere pa basi ya mabuleki olira, mukudziwa mmene munthu amapempherera chamumtima. Apa ndiye pemphero limatalika.

Pamalo oonerapo paja panali anthu ambiri. Achinyamata a ku Ulaya atavala majasi a mvula apulasitiki, mabanja a ku Hanoi, amayi ogulitsa chimanga chootcha ndi mazira pa mbaula. Aliyense ankayang'ana malo amodzi: kumene mtsinje umalowa pampata wa Tu Sản, pakati pa matanthwe oima chilili, otalika mamita oposa 700. Mtsinjewu umachokera ku Yunnan m'dziko la China. Bata lakelo si lachilengedwe chokha ayi. Kumunsi anautseka ndi damu lopangira magetsi, n'chifukwa chake madzi anadzadza n'kudekha moti maboti a alendo amayendamo. Mitambo inkadutsa pansi pathu, osati pamwamba. Dzuwa likaboola, chigamba chimodzi cha mtsinje chinkawala, kenako n'kuzima. Ndinaima nthawi yaitali osalankhula. Pali kukongola kwina kumene kumakuchititsa manyazi kutsegula pakamwa, ndipo ndimaona kuti wina aliyense ayenera kukumana nako kamodzi asanafe.

Nditakhuta mtsinje, maso anakwera khoma la tsidya lina. Linali la miyala yosongoka ngati mano a ng'ona, koma paliponse panali timadontho tobiriwira, kuyambira pansi mpaka kufupi ndi nsonga. Ndinkayesa udzu. Kenako ndinayang'ana pafupi, kunsi kwa kampanda kamene ndinatsamira, ndipo ndinaona tsamba limene sindingalisokoneze ndi lina ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Mapesi awiri a chimanga anali atatuluka m'kadzenje ka mwala kosaposa mbale ya nsima. Pambali pake panali kadzenje kena, mapesi atatu. Kunsi kwake kena. Ndinabwezanso maso tsidya lija ndipo thupi linachita tsembwe. Phiri lonselo unali munda.

Ndinamukoka dzanja mng'ono wanga uja. "Em, dothi ili lachokera kuti?"

Anaseka, n'kudzimenya pamsana.

Zimene anandifotokozera, ndi zimene ndinaona ndekha masana amenewo, ndi izi. Mlimi wa kumeneko amafufuza mphako iliyonse ya mwala imene ingasunge dothi. Kumunsi kwake amasanja timiyala kuti pakhale kakhoma. Kenako amatsika kumene kuli dothi, kulitapa, kuliika m'dengu loluka la zingwe ziwiri limene amabereka kumsana, n'kukwera nalo kukathira m'mphakomo. Amasakaniza ndi ndowe za ng'ombe zimene anaziumitsa kunyumba, nazonso zobereka kumsana. Akatero amabzala njere ziwiri kapena zitatu. Phando limodzi latha, atsala mazanamazana. Pamene dothi latambalala pang'ono amalima ndi ng'ombe imodzi yokoka pulawo yaifupi yolimba, ndipo ng'ombeyo inazolowera kuima yokha khasu likagunda mwala. Mvula ikakokolola dothi, chaka chamawa amakalitenganso. Pakati pa chimanga amaponyamo nyemba kuti ziyange pa mapesi, ndi maungu kuti atambalale pamwamba pa miyala, ndendende mmene agogo anga ankachitira tisanayambe kuwauza kuti munda wabwino ndi wa mbewu imodzi. Boma la Vietnam linalemba luso limeneli la kulima m'mphako za miyala pamndandanda wa chuma cha makolo cha dziko lawo.

"Kuno timakhala m'miyala," anatero mnyamatayo, "tikafa amatiikanso m'miyala." Ndi mawu amene anthu a kumeneko amanena kawirikawiri, ndipo sanawanene modandaula.

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kuganiza kuti ndikutamanda umphawi. Madera a m'mapiri amenewa ali m'gulu la osauka kwambiri m'dziko la Vietnam. Chimanga amakolola kamodzi pachaka. Achinyamata ambiri amatsika kukafuna ganyu kutali. Mlendo akaima pa kampanda paja amaona chithunzi chokongola, koma ine ndinabadwa kwa mayi amene msana wawo unapindika ndi khasu, ndipo ndikaona phando lililonse pa phiri lija ndinkawerenga maulendo a dengu. Chimene chinandigwira mtima si kuvutikako. Ndi ulemu umene amalipatsa dothi. Kwathu dothi timaliona ngati chinthu chimene chilipo basi, ngati mpweya. Chaka ndi chaka ndimaima pamaso pa alimi kunena za akalozera, za kubzala vetiva, za kutseka zigwembe, ndipo chaka ndi chaka mitsinje yathu imafiira m'Januwale, itanyamula chonde cha Ntcheu kupita nacho kunyanja ndi ku Shire. Munthu amene anabereka dothi pamsana sangalilole kuti lipite chonchi. Amalidziwa kulemera kwake pa kilogalamu.

Tisanachoke pamsewu, anandionetsa chipilala cha anthu amene anaupanga. Msewu umenewu dzina lake ndi Hạnh Phúc, kutanthauza Chimwemwe, ndipo ndi wautali makilomita pafupifupi 185 kuchokera ku Hà Giang kudzera ku Đồng Văn mpaka ku Mèo Vạc. Usanakhalepo, kumapiri kuno kunkafika munthu wapansi ndi hatchi basi, ulendo wa masiku. Ntchito inayamba mu Seputembala 1959, chaka chomwe kwathu Kamuzu anamangidwa n'kutumizidwa kundende ya Gweru, ndipo inatha mu 1965, ife tisanathe n'komwe chaka chimodzi cha ufulu. Anaugwira ndi achinyamata odzipereka oposa 1,300 ochokera m'zigawo 8, pamodzi ndi anthu a m'midzi ya m'mapiri momwemo. Zida zawo zinali nyundo, zitsulo zobowolera mwala, makasu, mawilibala ndi wonga wochepa. Atafika pa Mã Pí Lèng panalibe poponda. Kagulu ka anyamata kanadzimangirira zingwe m'chiuno, n'kumalendewera pa phompho kugoba mwala pang'onopang'ono kwa miyezi 11. Anthu 14 anafera pa ntchito ya msewuwu, ndipo manda awo ali ku Yên Minh, m'tauni ya mapaini imene tinadutsa dzulo lake ine osadziwa.

Ndinagwira khoma la msewu ndi chikhato. Linali lozizira, lonyowa, lokhakhala. Dzina loti Chimwemwe pa msewu umene unadya ana a eni likhoza kumveka ngati mawu a andale, ndipo ndinayamba ndaliganizira choncho. Koma ndinakumbukira usiku wina ndili mwana, mvula itadula kamlatho ka kwathu, azibambo anayi atanyamula mayi wapakati pa machira, nyali ya parafini patsogolo, kulowera kuchipatala chimene sanafikeko nthawi yabwino. Amene sanagonepo m'mudzi wopanda msewu ndi amene angaseke dzina limenelo.

Masiku ano msewu womwewo wabweretsa alendo, ndipo alendo abweretsa ndalama ndi mikangano yake. Mu 2019 dziko lonse la Vietnam linayaka ndi nkhani ya nyumba ya nsanjika 7 imene inamangidwa pamphepete pa phomphopo popanda chilolezo. Ena ankati igwetsedwe chifukwa ikuipitsa malo, ena ankati alendo akufunika pokhala ndi pomwera khofi. Ine mtima wanga uli ndi phiri, koma ndinaonanso kuti njinga imene ndinakwera ikuphunzitsa alongo ake awiri a mnyamata uja.

Kuchokera pa chipilala pali kanjira kakale kokwera m'mbali mwa thanthwe loyera, kopapatiza moti anthu awiri sangadutsane osagwirana. Ndinapempha kuti tikwereko pang'ono kuti ndichione chimanga pafupi. Titayenda mwina theka la ola tinapeza gogo wina akupalira. Anali wamfupi, wondilekeza paphewa, siketi yake yamapindikiro ambiri, miyendo atakulunga nsalu zakuda kuyambira m'kakolo mpaka m'bondo. Phazi limodzi linali pa mwala wa m'mwamba, lina pa wa m'munsi, ndipo kumbuyo kwake kunalibe china koma mpweya ndi mtsinje uja uli kutali. Kakhasu kake kanali kakang'ono, kampini waufupi. Mnyamata uja anawapatsa moni m'chilankhulo chawo, mawu atatsitsa, ndipo ine ndinaomba m'manja pang'ono n'kupinda maondo monga ndinaphunzitsidwira. "Agogo," ndinatero. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anamwetulira, dzino lagolide likuwala.

Ntchito siichoka m'manja mwa munthu. Pomwe iwo ankacheza, ine ndinali nditagwada kale pa phando lina. Masamba ena anali ndi timabowo tondondozana ndi timawindo toyera, ndipo nditatsegula kumtima kwa phesi ndinapeza zimene ndinkaopa: zinyalala zonga utuchi wonyowa, ndipo pansi pake mbozi yonenepa, ya chilembo cha Y chozondoka pamutu ndi timadontho tinayi kumchira. Ntchemberezandonda zachilendo zija, zomwe zinatisautsa mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma ambiri mu Disembala 2017. Zinachokera ku America, zinadutsa Africa, ndipo mu 2019 zinali zitafika ku Vietnam. Ndinaitola n'kuiika pachikhato.

Gogo uja anasiya kulankhula. Anabwera, anayang'ana mboziyo, anandiyang'ana ine, n'kutsonya. Kutsonya kwenikweni, kwa kwathu komwe, kochokera pansi pa mtima. Ndinatsonyanso. Tonse tinaphulika kuseka, mnyamata uja n'kumadabwa kuti tamvana bwanji. Anaitenga mboziyo m'manja mwanga, anaiika pa mwala, anaitswanya ndi chala chachikulu. Ine ndinatapa kadothi kouma n'kuthira kumtima kwa phesi, mmene alimi athu amachitira ndi dothi, mchenga kapena phulusa. Kudzera mwa womasulira wathu ndinawauzanso za msuzi wa usipa umene ena kwathu amathira kuti uitane nyerere zidzadye mbozi. Anagwedeza mutu, nayankha zinazake zimene zinamuseketsa mnyamatayo. Akuti nsomba ikapezeka kuno, msuzi wake sungafike kumunda.

Tinakhala nawo mwina ola lathunthu, tikuyenda phando ndi phando, kutsegula mitima ya chimanga, kutola mbozi. Sindinayang'anenso mtsinje. Manja awo anali ngati a mayi anga, zikhadabo zong'ambika, ming'alu yakuda m'zala, kungoti awo anali ndi utoto wabuluu wa nsalu umene unalowerera m'khungu.

Chakudya cha masana tinakadya kwa azakhali ake a mnyamata uja, m'kamudzi kena tisanafike ku Mèo Vạc. Bwalo linazunguliridwa ndi mpanda wa miyala yosanja popanda matope kapena simenti, wofika pachifuwa, mwala uliwonse utaluma unzake. Nyumba inali ya mdindo, makoma okhuthala a dothi lopondereza, ndipo nditalowa n'kukweza maso ndinaona chimanga cha chaka chatha chili pa sanja pamwamba pa moto, makoko atada ndi mwaye kuti anankafumbwe asachiyandikire. Ndinamva fungo la khitchini ya agogo anga, ndipo ndinachita kutembenukira kukhoma kuti ndipukute m'maso.

Chakudya chawo amachitcha mèn mén. Chimanga amachipera pa mphero ya miyala iwiri, ena masiku ano amapita kuchigayo, kenako amasefa kuchotsa madeya. Ufawo sauthira m'madzi owira ngati ife. Amauwaza timadzi, kuufikisa ndi manja kuti unyowe mofanana, n'kuuika mu chiphika cha thabwa kuti upse ndi nthunzi. Ukapsa koyamba amaukhuthula, kuumwaza kuti usagwirane, kuwazanso madzi, n'kuubwezera pamoto kachiwiri. Chimatuluka ndi chakudya chachikasu, chofumbutuka ngati mchenga wonyowa, chonunkhira dowe. Nthongo siumbika. Umatapa ndi sipuni, n'kutsatiza msuzi wa mpiru kuti chitsike, chifukwa ukachita changu chimakutsamwa. Sipuni yoyamba inandidabwitsa, yachiwiri lilime linazindikira mgaiwa. Ndinadya mbale ziwiri. Bambo a m'nyumbamo anatulutsa kachasu wawo wa chimanga m'tiziko ting'onoting'ono, ndipo ndinalawa kamodzi kuti ndisanyoze dzanja lopatsa.

Azakhali aja anafuna kudziwa mmene ife timadyera chimanga. Ndinawaonetsa kavidiyo ka pafoni ka mng'ono wanga weniweni akuvundula nsima ndi mthiko, mphika ataupana ndi mapazi. Anaonera katatu. Kenako anafunsa ngati kwathu kuli dothi lambiri. Ndinati lilipo, lofiira, lakuya, malo ena ukhoza kukumba dzenje lokuposa msinkhu osagunda mwala. Anakhala chete kanthawi, n'kunena mawu ochepa. Mnyamata uja anamasulira akuyang'ana pansi: "Akuti ndiye kuti kwanu kulibe njala."

Ndinasowa choyankha. Ndinaganiza za mizere ya anthu pa misika ya chimanga m'Febuluwale, za ana odya mango owiritsa, za chigwembe chimene chadula pakati munda wa mayi anga wa kumtunda. Ndinangoti, "Njala iliko, azakhali." Anandiyang'ana ngati sanamvetse, ndipo sindinathe kuwafotokozera mwachidule nkhani ya mvula yodukiza, mtengo wa feteleza ndi minda yochepa, chifukwa ngakhale zonsezo ndi zoona, pamaso pa munthu wobereka dothi zinkandimvekera zoperewera.

Potsanzika anakwera pa sanja paja n'kutsitsa chisononkho chimodzi chodzadza, cha njere zolimba zonyezimira ngati za chimanga chathu chamakolo, n'kundiika m'manja kuti ndikabzale kwathu. Ndinachilandira ndi manja awiri. Koma ntchito yanga yomweyi ndi imene imandiuza kuti mbewu sidutsa malire m'chikwama, chifukwa matenda ndi tizilombo timayenda choncho, ndipo mbozi ija tinaitswanya m'mawa ndi mboni ya mmene mliri umayendera msanga. Ndinachisunga usiku umodzi pafupi ndi pilo ku Mèo Vạc, ndipo m'mawa ndinamupatsa mng'ono wanga uja kuti akachibzale m'dzina langa. Analonjeza kuti asankha mphako yoyang'ana kumtsinje.

Madzulo a tsiku limene tinadya kwa azakhali aja tinabwereranso pa Mã Pí Lèng, alendo atachepa. Vietnam ili patsogolo pa Malawi ndi maola 5, choncho dzuwa likupendeka kumeneko, kwathu anthu anali akuweruka kumunda. Netiweki inalipo. Ndinaimbira mng'ono wanga weniweni uja pa WhatsApp kuti apereke foni kwa amayi.

"Amayi, taonani kuno."

Ndinatembenuza kamera, ndinawaonetsa phompho, mtsinje, mitambo itayamba kufiira. Anati, "Ee, n'kokongola. Koma tafutuka pamenepo, mwananga, ungagwe." Kenako ndinatsitsa foni kunsi kwa kampanda, pa mapesi awiri aja a m'kadzenje. Kunali zii. Ndinayesa kuti netiweki yaduka.

"Chimenecho n'chimanga?"

"Eya, amayi."

"Pamwala?"

"Dothi lake amachita kubereka kumsana."

"Tayandikitsa." Ndinayandikitsa. Ndinamva akuitana anzawo a nyumba yoyandikana kuti adzaone. Kenako mafunso anayamba kugwa ngati matalala: n'chamakolo kapena cha haibulidi, amabandira bwanji popanda mzere, anyani sakuvuta, nanga chikacha amatsika nacho bwanji. Za mtsinje sanafunsenso.

Ndinabwerera kumudzi mu Okutobala, mvula isanagwe, nthawi yogalauza. M'munda wa kumtunda uja muli miyala yambiri imene kwa zaka zonsezi takhala tikuiponyera m'malire ngati zinyalala. Loweruka lina m'mamawa ndinatenga adzukulu a amayi atatu, tinayamba kuitola n'kuisanja chopingasa m'chigwembe chija, mzere woyamba kumutu kwake, wina mapazi khumi kumunsi, wina kumunsi kwakenso. Ndinayesetsa kukumbukira mmene miyala ya mpanda wa azakhali aja inalumirana, yaikulu pansi, yaing'ono yotsekera mipata. Khoma loyamba linagwa kawiri lisanaime.

Dzuwa litakwera ndinaona amayi akubwera ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, dengu lili pamutu. Ndinayesa abweretsa mbatata. Atafika anatula, ndipo munali dothi lakuda la pa dzala la kuseri kwa khola. Analikhuthulira kumtunda kwa khoma loyamba, analisalaza ndi phazi, n'kutembenukira kwa mdzukulu wamkulu.

"Iwe, tenga denguli. Ukadzadze, koma usatayire m'njira."